Malimu Achikasu a Kalisto

M'mawa uliwonse, asanalawe kanthu, Kalisto ankandandalika zitini zake za penti patsinde pa mtengo wa nimu, kuseri kwa galaja ya a Augustino pa Bangula: chakuda kumanzere, chasiliva pakati, chachikasu kumapeto. Anthu ankati ndi munthu wadongosolo. Mkazi wake Evelesi yekha ndiye ankadziwa kuti mwamunayo maso anali atamuthera.

Ntchito yake inali yopenta malimu, zitsulo za matayala a galimoto. Matope a kuno kuchigwa amadya chitsulo, ndiye a matola ankabwera nawo atachita dzimbiri ngati khasu loiwalika kudimba. Iye ankawapala ndi sandipepa, kuwatsuka ndi palafini, kukuta tayala ndi nyuzipepala, kenako n'kupopera penti ndi kampope kophera udzudzu. Magalasi otchinga maso analibe. Fumbi la dzimbiri ndi thina wosungunulira penti zinamulowa m'maso chaka ndi chaka, mpaka dziko linayamba kumuonekera ngati tsiku lootcha nzimbe. Zala zokha ndizo zinkaonabe. Akangosisita limu ankadziwa patsala dzimbiri ndi pati.

Evelesi anachotsa dengu lake la zitumbuwa kumsika n'kudzakhala pambali pake, mwana wawo Flossy ali kumsana. Kalisto akafikira chitini cholakwika, iye ankangotsokomola.

"A Augustino akangodziwa, mthunzi uno apatsa wina," ankatero Kalisto pobwerera kunyumba. "Munda madzi anakokolola. Titsamira pati?"

Inali nyengo ya kampeni, pamene mtundu wa nsalu wokha unkatha kumenyetsa munthu. Flossy anatentha thupi, Evelesi n'kuthamangira naye kuchipatala. M'mawa womwewo mbuzi zinagubuduza zitini zija Kalisto ali kumjigo. Makaniko wina anazidzutsa mwachifundo, koma mosinthanitsa. Ndipo panali malimu anayi a Lorenso, woyendetsa matola njira ya ku Ndamera, amene anawasiya kuti apakidwe siliva.

Evelesi pobwera anawaonera ali pamsewu. Malimuwo anali pa njerwa, padzuwa, achikasu ngati mango akupsa. Lorenso anali atafika kale, manja m'chiuno, amakaniko atamuzungulira.

"Madala, chipani mwandilowetsa liti?" anafunsa Lorenso. "Bwanji osandipatsako ndi nsalu yake? Njira ndimadutsa ineyo anyamata ake amavala mtundu wina. Mukufuna ndikabwere wopanda galasi?"

Amakaniko anaseka.

"Siliva ameneyu, achimwene," anayankha Kalisto, akumwetulira cha kumene kunkachokera mawu. "Dzuwa la kuno limanamiza maso. Akauma muona."

Kuseka kunathera pomwepo. A Augustino anapukuta manja pa ovololo, natola sipanala pansi n'kuiimika kutsogolo kwa nkhope ya Kalisto.

"Ndanyamula chiyani?"

Evelesi anatsokomola, natsokomolanso, koma chifuwa sichitchula dzina la chinthu. Kalisto anatong'ola maso mpaka misozi inatsika.

"Botolo, bwana."

A Augustino anatsitsa mkono pang'onopang'ono. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezo ndi zimene zinamuopsa kwambiri Evelesi. Akanakalipa bwenzi pali popepesera.

"Zinayamba liti, mayi?"

"Flossy asanabadwe," anayankha Evelesi, akuyang'ana zitumbuwa zomwe sanagulitse.

"Upite ukapume, Kalisto. Lero ndi chikasu, mawa udzapopera munthu kumaso. Mwana wa mlongo wanga wakhala akupempha malo ano."

Kalisto anagwada pafumbi pomwepo, n'kuyamba kupapasa mpaka anagwira nsapato ya a Augustino.

"Penti mupatseni ameneyo, bwana. Kampope katengeninso. Ine mundisiyire kupala kokha. Kupala sikufuna maso. Funsani aliyense pano ngati limu langa linatuwukapo penti."

Lorenso anayang'ana kumsewu. A Augustino anachotsa phazi lawo mwaulemu n'kulowa m'galaja, osanena kuti inde, osanena kuti ayi. Flossy anayamba kulira, thupi lake likuotcha msana wa amake.

Kalisto anakwawa mpaka pa njerwa paja, nakhudza limu loyamba. Penti anamata kuchala.

"Make Flossy," anatero chapansipansi, "sanaume. Tandipatsa thina ndi sanza, undiuze pamene patsala chikasu."