Chikwangwani cha Bambo Anga Atagwada

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene anandisunga ndi moyo mpaka ndinaona ndi maso anga zimene ndinkamupempha. Ndimuyamikanso chifukwa cha bambo anga, amene anandilera ndi manja omwe kale ankagwetsa amuna anzawo, koma ine sanandimenyepo nawo ngakhale tsiku limodzi.

Bambo anga anali katswiri wa nkhonya. Ine ndinabadwa atasiya kale, choncho mbiri yawo ndinkaimvera kwa anthu ena. Ankati ali mnyamata, atangofika kumene kuchokera ku Dedza, ankamenya nkhonya m'maholo a mumzinda muno, ndipo anthu ankayenda wapansi kuchokera ku Kawale ndi ku Biwi kudzawaonera. Bambo amene ndinawadziwa ine anali munthu wofatsa, wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Chinsapo. Mphuno yawo inali yophwanyika, khutu limodzi lopindika ngati bowa wouma, ndipo dzanja lamanja linali litayamba kunjenjemera moti nthawi zina sipanala inkawapulumuka. Mayi atamwalira tinatsala awiri. Lamulungu ankavala jekete yawo yotuwa n'kukakhala kutsogolo m'tchalitchi, kumbali ya azibambo, ndipo mawu awo aakulu ndiwo ankanyamula nyimbo. Magolovesi awo akale ankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko. Chithunzi analibe, ngakhale chimodzi.

Panjira yochokera kwathu kupita kumsika, yomwenso inali njira ya kutchalitchi, munthu wina anamanga chisakasa cha malata n'kutsegula vidiyo sho. M'katimo munali mabenchi ndi wailesi yakanema imodzi, panja sipika yokuwa tsiku lonse. Matepi ambiri ankafika opanda zithunzi, ndiye mwini wakeyo ankaitana munthu wolemba zikwangwani za magolosale kuti ajambule pabolodi chinthu chokopa anthu.

Tsiku lina mwini vidiyo shoyo anafika pamtengo wa mango paja, ine ndikuwabweretsera bambo chakudya.

"Champiyoni," anatero akuseka, "ana a masiku ano sakukudziwani. Akuyesa ndinu womata machubu basi. Bwerani akujambuleni tikuikeni panja paja, aliyense wodutsa adziwe kuti Chinsapo ili ndi mwamuna."

Bambo anakana, koma anakana akumwetulira. Munthuyo atabweranso kachiwiri, bambo anavomera. Ndine amene ndinatsitsa magolovesi aja pamsomali n'kuwapaka mafuta odzola kuti ming'alu isaoneke. Bambo anameta ndevu, anapita, anakaima m'mawa wonse pamaso pa wojambula uja, zibakera zili m'mwamba, mutu uli chilili. Anabwera atatopa koma akuyimba.

Loweruka lake bolodi linatuluka. Ndinaliona ndikuchokera kumsika, ndipo matimati amene ndinali nawo m'manja sindikudziwa kuti ndinawafikitsa bwanji kunyumba. Nkhope inali ya bambo anga, wojambulayo sanaphonye kanthu, mphuno, khutu, ngakhale kachipsera ka pamwamba pa diso. Koma sanawajambule ataima. Anawajambula atagwada bondo limodzi pakona ya bwalo la nkhonya, mutu utazolika, magolovesi akulendewera ngati maungu ofota. Diso limodzi linali lotupa, magazi akutsikira pachibwano, tsitsi analiwonjezera imvi. Pamwamba pawo panali nyale imodzi yachikasu, kumbuyo mdima ndi zingwe. Pambali panaima mnyamata wa minofu, dzanja lili m'mwamba. Filimu yake inali ya wankhonya wokalamba amene akukana kusiya, ndipo mwini vidiyo sho uja ankangofuna nkhope ya nkhalamba yoti anthu aiseke.

Bambo anapita kamodzi kukadandaula. Anavula chipewa, analankhula motsitsa mawu. Munthuyo sanadzuke n'komwe pampando wake wa pakhomo.

"Si inu amenewa, madala. Ndi wa mufilimu. Kodi wa mphuno yophwanyika ndinu nokha m'dziko muno?"

Filimuyo itatha, bolodi silinachoke. Filimu iliyonse ya ndewu ikabwera ankangofufuta dzina pamwamba n'kulemba lina ndi choko. Kenaka ana anaphunzira masewera. Bambo akamadutsa, mmodzi ankayamba, ena n'kulandira, akuwerenga monga amachitira woyimbira nkhonya munthu akagwa: "Wani! Thuu! Firii!" Ankawatsatira mpaka pa teni, kenaka n'kumenya chitini ngati belu. Mwini malo uja ankaseka mpaka kugwira m'mimba. "Dzukani madala, belu lalira," ankatero.

Munthu amene akanatha kugwetsa chisakasa chonsecho ndi phewa limodzi ankangoyenda maso ali pansi. Anayamba kuzungulira njira ya kudambo. Mvula itagwa njira imeneyo inadzaza madzi, miyendo yawo inali itayamba kale kufooka, ndipo analeka kupita kutchalitchi. Akulu a mpingo anabwera kudzawayendera, anapemphera, anati tikhululuke. Palibe mmodzi wa iwo amene anapita kukagogoda pamalata paja. Jekete yotuwa ija inalowa m'sutikesi. Malo awo a kutsogolo anakhalapo wina, ndipo nyimbo zinapepuka.

Ine ndinkapemphera, koma si pemphero limene akulu a mpingo anandiuza. Ndinkatsegula Malemba pamene pali munthu wamphamvu uja amene adani anamukolowola maso n'kumutulutsa kuti awasangalatse paphwando lawo. Ndinkawerenga mpaka pamene denga linawagwera, n'kutseka. Ndinkati, Ambuye, inu mumamva kulira kwa mwana wamasiye, inu simugona, musalole munthu uyu atsikire kumanda tsitsi lake lisanakhudze fumbi pamaso pa bambo anga. Sindinapemphe kuti afe. Kufa ndinkakuona kuti n'kopepuka. Ndinkafuna agwade masana, anthu akuona.

Zaka zinapita. Ndinakwatiwa ku Area 25, ndinabereka, ndipo bambo atafika polephera kugwira kapu ndinabwerera ndi ana anga kudzawasamala. Pofika nthawi imeneyo anthu anali atayamba kuonera mafilimu pamafoni, ndipo vidiyo sho inafa. Koma munthu uja sanasowe chochita. Mabenchi anali nawo kale, sipika anali nayo kale. Anapaka malata laimu, anagula suti yoyera, chisakasa chija chinasanduka nyumba ya mapemphero, iye n'kuyamba kudzitcha mneneri. Panja anapachika chikwangwani chatsopano chokhala ndi chithunzi chake, atakweza dzanja, kuwala kukutuluka kumutu.

Sindikana kuti Mulungu amatembenuza anthu. Ndinkadikira kuti ngati watembenukadi, mapazi ake amubweretsa pakhomo pathu. Sanabwere. Tsiku lina ndikudutsa ndinaona kuti kona ya m'munsi ya chikwangwanicho ndi yobenthuka, monga linalili bolodi lakale lija. Ndinayandikira n'kusuzumira pakati pa bolodi ndi malata. Ndinaona golovesi. Munthuyo sanafufute kanthu, anangotembenuza. Bambo anga anali akugwadabe kuseriko, mumdima, pamodzi ndi akangaude, nkhope yake ili pamsana pawo.

Lamulungu lotsatira kunali mvula yowaza. Nditatuluka kutchalitchi kwathu, ndidakali m'chitenje changa cha mpingo, ndinaima pamalo paja. Anthu a m'chisakasamo ankachedwa kutuluka, ndipo m'sipika ndinamva akuitana amene ali ndi maumboni. Ndinamasula waya womangira chikwangwani, ndinasenza bolodi lija, ndinalowa. Olandira alendo pakhomo anandipatsa njira, ankayesa ndikulithawitsa kumvula.

"Tili ndi mlendo," anatero mneneriyo. Sanandizindikire. "Bwerani mayi, mutiuze zimene Ambuye akuchitirani."

Anandipatsa yekha cholankhulira. Ndinaimika bolodi kutsogolo, nkhope ya mneneriyo ikuyang'ana anthu.

"Ndiyamika Mulungu amene saiwala," ndinatero, anthu n'kuvomera ndi ameni wamphamvu. "Ndili ndi bambo anga amene akhala zaka zambiri osalowa m'nyumba ya Mulungu. Lero ndawabweretsa."

Anaomba m'manja, akucheukira kukhomo. Pamenepo ndinatembenuza bolodi.

Utoto unali utasuluka. Magazi aja anali atasanduka ofiirira ngati dzimbiri, mnyamata wopambana uja chinyezi chinali chitamudya nkhope yonse. Koma bambo anga ankaoneka bwinobwino pansi pa nyale yawo yachikasu, mutu uli pansi. Ndinafotokoza zonse, mosakuwa. Ndinanena za magolovesi amene ndinapaka mafuta, za kuwerenga kwa ana, za njira ya kudambo, za jekete ya m'sutikesi. Mmodzi wa olandira alendo aja, bambo wandevu zake, anazolika. Ndinamukumbukira, ndiye ankamenya chitini.

"Mlongo," anatero mneneriyo akufuna kulanda cholankhulira, "zimenezo ndi za munthu wakale. Ine ndinabadwanso. Zakalezo zinapita."

"Zinapita kwa inu," ndinamuyankha. "Kwathu zili pakhonde, zikunjenjemera."

Mayi wina wachikulire wa pabenchi yakutsogolo anadzuka pang'onopang'ono, akumanga bwino chitenje.

"Bambo amenewa ndimawadziwa," anatero. "Ankakonza njinga ya malemu amuna anga. Ine ndinkayesa anasamuka. Abusa, sabata yatha yomweyi munatiphunzitsa kuti amene analakwira mnzake ayambe wakakonza asanabweretse chopereka. Ife tinamva. Nyamulani, tikuperekezani."

Mneneriyo anayang'ana uku ndi uku kufuna womuthandiza, koma azimayi anali ataimirira kale. Anasenza bolodi lija. Anayenda njira yonse ija, kudutsa pamagolosale, pampopi, pamalo ometera, suti yoyera ikuthimbirira ndi matope, nkhope ya bambo anga ili pamutu pake. Anthu ankatuluka m'nyumba kudzaona. Ine ndinkayenda pambuyo pake penipeni, ndipo sindibisa, mtima wanga unkaimba.

Tinawapeza bambo pampando wawo pakhonde, atafunda bulangeti m'miyendo. Munthu uja anatsamiritsa bolodi kukhoma n'kuima, akusisita manja.

"Gwadani," anatero mayi wachikulire uja.

Anagwada m'matope, mawondo onse awiri. Analankhula zambiri, za umbuli, za unyamata, za Satana. Bambo sankamuyang'ana. Ankayang'ana bolodi. Anatambasula dzanja lawo lonjenjemera n'kukhudza khutu la pachithunzipo, kenaka lawo.

"Anandijambula bwino mnyamata uja," anatero. "Koma ine sindinagwepo chonchi. Ndikagwa ndinkayang'ana m'mwamba."

Atatero anatembenukira kwa wogwada uja. Anakweza dzanja, n'kulitsitsa.

"Wani," anatero.

Palibe anaseka. Mawu awo aakulu aja, amene ndinali ndisanawamve kwa zaka, anatuluka onse. "Thuu." Ankawerenga mosafulumira, dzanja likukwera ndi kutsika, mvula ikudontha kuchokera padenga kugwera pakhosi pa munthu uja. Wogwadayo anayamba kulira, mphumi inafika pansi, tsitsi lake linakhudza dothi. Ine ndinkawerenga nawo mumtima, mano nditaluma. Sikisi, seveni. Ndinkadikira teni monga mlonda adikirira m'bandakucha. Eyiti. Nayini.

Dzanja linaima m'mwamba.

"Dzukani," anatero bambo. "Munthu akadzuka pa nayini ndiye kuti sanathe. Pitani mukamenye bwino."

Anthu atabalalika ndinawafunsa, ndipo ndinafunsa mokwiya. "Ababa, iwo aja ankafika pa teni tsiku lililonse. Inu mwalekeranji?"

"Mwananga, teni si wanga," anayankha. "Tulutsa jekete ija uiyanike, ikununkha sutikesi."

Lamulungu linalo tinayenda njira ya kumsika, iwo ndi ndodo, ine nditawagwira mkono. Tinatenga nthawi yaitali. Podutsa pachisakasa paja sipika inatsitsidwa, ndipo wolandira alendo wandevu uja anavula chipewa. Bambo sanayang'ane pansi. M'tchalitchi munthu amene ankakhala pamalo awo anasuntha yekha. Mawu awo ankanjenjemera, koma nyimbo inapezanso pokhazikika.

Anapemphera nafe mpaka pamene Ambuye anawatenga. Bolodi lija anakana kuti ndiliwotche, poti ndicho chithunzi chawo chokha, ndipo lero lili pakhoma m'chipinda changa chochezera, magolovesi ali pamsomali pambali pake. Alendo akafunsa ndimawauza kuti awa ndi bambo anga, sanagonje, akupuma. Nkhope ya mneneri ija ili kuseri, yayang'ana njerwa. Ndikamasesa sindifikako. Akangaude amanga, mphemvu zimalowa ndi kutuluka, ndipo ndimazisiya. Bambo anakhululuka pa nayini. Ine ndimapempha chisomo chimenecho, koma kufikira chitandipeza, nambala yotsala ija ndaisiya m'manja mwa Woweruza amene salandira chiphuphu, ndipo ndimamukumbutsa.

Inu amene mwawerenga izi, Mulungu wa ana amasiye akusungeni. Akuchotsereni manyazi amene ena anakuvekani, abweretse pakhomo panu masana amene anakusekani, ndipo makolo anu akalambe mitu ili chilili. Mukagwa, akupatseni mphamvu yodzuka kuwerenga kusanathe. Mtendere wake ukhale m'nyumba zanu ndi panjira zimene mumayenda. Ameni.