Zidole za a Ijja

A Ijja anaphunzitsa sukulu ya mkaka m'mudzi mwathu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Zida zawo zinali chitini chachikulu cha tiyi ndi zidole za bango zovekedwa tizigamba, mwana aliyense chake. Inenso ndinadutsa m'manja mwawo.

"Ika chidole m'kati mwa chitini. Chitulutse. Pamwamba. Iwe Bihi, ndati kumanja! Kwanu umadyera dzanja limenelo? N'chifukwa chake sunenepa," ankatero a Ijja.

Chivomezi chitagwetsa mudzi, sukulu inasamukira m'tenti. Ana asanu sanabwerenso, anafera m'chivomezicho. Mng'ono wanga Itto anabwerera, koma wosalankhula. Anachita kumufukula pansi pa denga la nyumba yathu patapita tsiku lathunthu. Ndinkamuperekeza m'mawa uliwonse n'kumudikira pakhomo pa tenti.

Chaka chikutha kunabwera a Lahcen, oyesa ana ochokera kutauni, ndi pepala lochongapo. Mwana wosadziwa m'kati, kunja, pansi ndi pamwamba ankabwereza chaka. Amayi ankaopa zimenezi kwambiri. Anzake okha ndiwo ankamumwetulitsa Itto, ndipo akanamusiya m'mbuyo, sitikanamumvanso mawu.

"Mwanawe, ika chidole m'kati mwa chitini," anatero a Lahcen.

Itto anachikhazika kutali ndi chitinicho.

"Pansi pa tebulo."

Anachinyamula n'kukachiika pakhomo, pafupi ndi phazi langa. A Lahcen anayesa katatu, kenako analemba.

"Uyu sakudziwa, mayi Ijja."

"Bambo Lahcen, tiyi wanu akuzizira. Mapiri onsewa mwakwerera kudzapalasa pepala ngati nkhuku?"

"Malangizo akuti timuyese ndi chidole, mayi."

"Malangizowo anagonapo pansi pa denga?"

A Ijja anatenga kanyundo n'kubenthula shuga wachibuma amene anali pambali pa ketulo. Kachibenthuko anamufumbatitsa Itto.

"Mwana wanga, ika shugayu m'kati mwa chitini."

Anaika.

"Pansi pa tebulo. Pamwamba. Pakati pa matambula awiriwo. Kumanzere kwa bambo andevuwa."

Sanaphonye ngakhale kamodzi.

"Mwaona? Shuga sapuma mpweya," anatero a Ijja motsitsa mawu. "Kwa mwanayu chidole ndi munthu. Ndiye iyeyu munthu samuika m'kati, samuika pansi."

A Lahcen anayang'ana pepala nthawi yaitali. Kenako anafufuta zonse.

"Wakhoza. Koma shugayo bweretsani kuno, ndi umboni wanga," anatero, n'kumuponya m'tiyi.

Ana ataweruka, a Ijja analongeza zidole m'chitini monga mwa masiku onse, kupatula cha Itto chimene mwiniwakeyo ankapita nacho kunyumba. Kenako anazungulira kuseri kwa tenti. Pa mwala waukulu panali zidole zisanu, zitakhala mondondozana. Ndinali nditaziona miyezi yonseyi, ndikumayesa akuziyanika. Tsiku limenelo ndinaziyang'anitsitsa, ndipo ndinazindikira cha Bihi, cha kansalu kobiriwira kong'ambidwa ku mkanjo wa amayi ake.

A Ijja anachiwongola, chifukwa mphepo inali itachipendeketsa. Atatembenuka anandiona, n'kubwerera kutenti.

Itto ali kalasi yachiwiri tsopano, ndipo amalankhula pang'onopang'ono. Sukulu ya mkaka anaimanganso, yanjerwa. Zidole zisanu zija zidakali pamwala. Mvula ikamabwera a Ijja amazifunditsa mpango wawo, koma m'chitini sizilowa.