Mwana wa Mlonda Sanatsegule

Mtendere ukhale nanu, okondedwa owerenga. Tiyamike Mulungu amene watidzutsanso ndi moyo.

Sabata imene mtsikana wina analephera mayeso, bambo akenso anachotsedwa ntchito ya ulonda. Munthu wovala suti anali atafika pachipata n'kunena kuti, "Ndatumidwa ndi bwana, tsegulani msanga." Iwo anatsegula, katundu wa kampani n'kupita.

"Mwana wanga," anatero atakhala pakhomo, nsapato za ntchito zili m'manja, "wakuba sabwera ndi nkhope ya wakuba. Amabwera ndi changu."

Mtsikanayo anayamba kusesa m'kashopu kokonza makompyuta. Akaika tsache pansi, ankaphunzira pa makina amene ena anataya. Anabwereza mayeso, Ambuye anamukomera mtima, ndipo anaphunzira ntchito yoteteza makompyuta kwa akuba a pa intaneti. Chipatala china chinamulemba, koma anali adakali pa nthawi yoyesedwa. Mkulu wa chipatalacho, mayi wanthabwala, ankangomuitana kuti "mwana wa mlonda".

Tsiku lina kunabwera imelo ya dzina la mayiwo: "Akatswiri athu olemekezeka, ndili pamsonkhano. Nditumizireni mawu achinsinsi otsegulira mafayilo a odwala, msanga."

"Tumiza iwe," anatero mnzake wa mu ofesi. "Kapena walisowa tsache lija?"

Mtsikanayo anaganiza. Akakana bwana weniweni, ntchito yatha. Akatsegulira wakuba, zinsinsi za odwala zili pamsewu.

"Abwana sananditchulepo katswiri," anayankha. "Ndipo changu ichi ndikuchidziwa. Chinafikapo kwathu."

Anayang'anitsitsa adiresi ya wotumizayo, napeza kuti chilembo chimodzi chinali chosinthidwa. Anatseka njira ya wakubayo, anachenjeza antchito onse, kenako anaimbira mayiwo foni n'kuwafotokozera zonse.

"Ine sindinalembe kanthu," anatero mayiwo. "Mwana wa mlonda, nthawi yoyesedwa yatha, ntchitoyo ndi yako. Ukawauze bambo ako kuti anaphunzitsa bwino."

Bambo aja atamva anaseka, misozi ili m'masaya. "Chipata chimene ndinatsegula ine, watseka ndiwe."

Abale anga, Mulungu sataya misozi ya ana ake. Chimene chinagwetsa bambo ndicho chinaimika mwana. Ngati lero mwagwira tsache, ligwireni bwino, koma musataye mtima.

Iye amene saodzera kapena kugona akulondereni, inu ndi a m'nyumba mwanu, potuluka ndi polowa. Ameni.