Jombo Zoyera za a Febian

A Febian Zulu a ku Natuseko mu Kabwe sindiwapatsa moni mpaka lero. Anakalambira pa ntchito ya njanji, koma atapuma anagula jombo zoyera n'kuyamba kudzitcha dokotala wa ziweto.

Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atafika ku Kabwe, lamulo linali lakuti katemera azibaya a boma okha. A Febian ankatiuza kuti lamulolo n'lopondereza amphawi. Anazungulira makola athu akubaya ng'ombe ndi botolo lopanda dzina ndi singano imodzi, jombozo osatsuka. Khola lililonse limene analowa, ng'ombe zinayamba kutuluka dovu ndi kutsimphina. Zanga zinasiyiratu kudya.

Ndinapita kukhola kwawo mtima ukuwira. Ng'ombe zawo zinkadya bwinobwino, iliyonse ili ndi chizindikiro cha katemera wa boma pantchafu.