Chingwe cha Kuwala pa Basi ya ku Uraha

Ndinanyamuka pa Karonga Boma m'mamawa, tayi pakhosi, mayi a kunyumba akundiuza pakhomo kuti ndikalephera ndisabwereko. Kutentha kwa Karonga kunali kutatikwana ndipo tinkafuna transifa yobwerera kwathu ku Mulanje. Tsikulo woyendera sukulu ankakumana ndi aphunzitsi a sayansi ku Uraha, aliyense aonetse phunziro lake, ndipo ndinkadziwa kuti ndikamusangalatsa andisainira.

Chida ndinali nacho. Alamu anga a ku matelefoni anabwera nako kuchokera ku maphunziro kunja kachingwe koonekera mkati, kotalika ngati lamba, koti ukaunika tochi mbali ino kuwala kumatulukira mbali inayo. Anati m'tsogolo mawu a pa foni adzayenda m'menemo. Anandichenjeza kuti kuwalako kumathawa chingwe chikada kunsonga, chikapindika kwambiri kapena chikalumikizidwa mwachisawawa.

Pa depoti anyamata a malaya ofiira anafuna khadi la chipani. Potulutsa khadi m'thumba, chingwe chinatulukira limodzi.

"Ichi nchivichi, asambizgi?" anafunsa wamkulu wawo m'chilankhulo cha kuno, kutanthauza kuti n'chiyani chimenechi, aphunzitsi. "Mukufuna muzilankhula ndi a ku Tanzania?"

Thukuta linatsika mpaka m'masokosi. Ndinayatsa tochi msangamsanga, iye anasuzumira, anaseka, n'kuitana anzake. Anandilola kukwera, koma basi yonse inali itaona.

M'basi ya kuno chinthu chachilendo sichikhala cha munthu mmodzi. Pofika pa Ngara chingwe chinali chitayendera mipando yonse. Pamenepo anthu anagula usipa wokazinga ndi nthochi zootcha, ndipo aliyense ankayamba wapukuta nsonga ndi chala chamafuta kuti aone bwino. Kuwalanda akuluakulu ndinachita manyazi, poti mlendo ndinali ine.

Pa Nyungwe chinasowa. Ndinakachipeza kumbuyo kwenikweni, mayi wina atamangira nacho miyendo ya tambala wake amene anali atadula luzi.

"Cholimba ichi, adada, yewo chomene," anatero mayiwo akumwetulira.

Sichinali cholimba. Pomasula mfundo chinaduka pakati, ndipo ine ndinatsala pang'ono kulira pamaso pa tambala. Kondakitala anandimvera chisoni, n'kuchilumikiza ndi selotepi yomwe inkagwira galasi la dalaivala.

Tinafika ku Uraha dzuwa lili paliwombo. Nthawi yanga itakwana tinatchinga mawindo ndi zitenje, ndinayatsa tochi, tonse maso kunsonga inayo. Zii! Kuwala kunkangotayikira pamene panali mfundo ndi pa selotepi paja, ngati madzi m'ndowa yobooka. Woyendera sukulu anatsokomola.

"Phunziro langa lero," ndinatero, "ndi mmene kuwala kumatayikira panjira." Ndinawaonetsa mafuta a pa Ngara, mfundo ya tambala wa pa Nyungwe ndi ntchito ya kondakitala. Nditapukuta nsonga ndi hanki, kadontho kakuwala kanaonekera kutsidya, ndipo aphunzitsi anzanga anawomba m'manja.

Woyendera sukuluyo anandigwira dzanja nthawi yaitali. "Bambo Namaona, mphunzitsi wotere ndi amene akufunika kuno. Za transifa zija tiiwale."

Pobwerera ndinakhala pawindo, ndikuganiza kuti chinthu chimanyamuka chathunthu koma njira imadyako pang'onopang'ono, kaya ndi kuwala kaya ndi mapulani a munthu. Nditafika kunyumba ndinapeza mayi atalongedza kale mbale m'makatoni.

"Zayenda bwanji, bambo?"

"Zayenda bwino kwambiri," ndinayankha, n'kuyamba kumasula katoni yoyamba.