Magazi Osefukira a Agya Ntim

Afrakoma Dufie anakolopa m'chipatala cha kutauni zaka makumi awiri, ndipo kumudzi anabwererako ndi msana wopindika komanso pakamwa posatsekeka. Sukulu anailekeza asanadziwe kulemba dzina lake lonse, koma maso anali nawo. Anamwino akamamanga mabala, iye ankachedwetsa dala chokolopera pafupi ndi bedi. Kumudzi anamutcha Dokotala wa Ndowa. Ankavomera mokweza.

Achimwene ake, Agya Ntim, mkulu wa banja, anapezeka ndi matenda othamanga magazi. Kwathu kuno timati mogya mmoroso, magazi osefukira, ndipo mkuluyo anamva mawuwo mmene amamvekera: mbiya yadzaza. Mapilisi anawakana. Nsomba yamchere yodyera fufu, nsima yakwathu, sanaisiye.

Tsiku lina abale akuswa zipatso za koko kumunda, chikwanje chinaterereka n'kuwatema mkuluyo pamkono, kumunsi kwa chigongono. Magazi ankatumpha, kuleka, kutumphanso, motsatira mtima. Afrakoma anadziwa kuti si mtsempha wamba.

"Asiyeni atuluke!" anatero Agya Ntim, atakhala pachitsa ngati mfumu. "Owonjezerawo ndi amenewa. Mulungu wandichiza ulere."

Alamu awo anali atayamba kale kutafuna masamba oti amate pabalapo. Afrakoma anawakankha, n'kuvula duku, kulipinda, kulikanikiza pabala ndi manja onse awiri.

"Gonani pansi, achimwene."

"Iwe, ukuuza ndani? Ndinakubereka kumsana ukutuluka mamina!"

"Ndiye lero ndikubwezerani. Gonani!"

Anawagwetsa ndithu, chagada, pamakoko. Mkono anaukweza m'mwamba, bondo lake lili pachifuwa cha mkulu wa banja, apongozi ndi aganyu akuonerera. Azimayi anagwira pakamwa.

"Magazi anu sanachuluke," anatero akukanikizabe. "Ndi omwewo, mabotolo ochepa, ngati a wina aliyense. Njira zake ndiye zinapanikizika. Mukatsina paipi madzi amachita bwanji? Amathamanga. Ndiye muziboola thanki?"

"Tamumvani Dokotala wa Ndowa!" anatero mkuluyo.

"Eya. Ndowa imeneyo ndinatayamo magazi a amuna amakani kuposa inu."

Duku linanyowa. Alamu aja anati alichotse aone ngati asiya.

"Mukagwira dzanja langali ndikulumani. Bweretsani malaya anuwo."

Anasanjika malayawo pamwamba pa duku, osasuzumira ngakhale pang'ono. Agya Ntim anamuopseza kuti amulanda munda, adzamuneneza kwa mizimu ya makolo, pamaliro ake sadzapondapo. Kenako mawu anayamba kuchepa, milomo kutuwa. Apo Afrakoma anachita mantha, koma sanauze munthu.

"Tukwanani, achimwene! Mwatopa kale? Munalekezera pa maliro."

Anawakweza pa aboboyaa, njinga ya matayala atatu yonyamulira koko. Msewu wonse wamabampu uja, manja ake sanachoke pabala. Pofika kuchipatala zala zinali zitauma, moti namwino anachita kuzitambasula chimodzichimodzi.

Anawasoka, n'kuwagoneka masiku atatu. Patatha milungu iwiri anawayezanso: magazi akuthamangabe ngati kale, ngakhale ena onse aja anamwedwa ndi nthaka ya kumunda. Mkuluyo anangolandira mapilisi.

Mpaka lero samulankhula mlongo wake, ati anawanyoza pamaso pa apongozi. Akulu a banja anauza Afrakoma kuti akapepese ndi nkhosa.

"Nkhosa?" anatero. "Akwiye, akwiyirenso. Kumanda kulibe amene amakwiya."