Mwezi Unali Pamimba

Kupweteka kunayambira pamchombo, Lachiwiri lina m'nyengo yozizira kwathu ku Bembeke. Pofika Lachitatu kunali kutatsikira kumanja, m'munsi mwa mimba. Ndinasanza, thupi linatentha. Azakhali anga, amene amandilera, anayamba andikayikira, poti mbiri yanga yodwala mayeso akayandikira ndi yodziwika.

Koma vuto lenileni linali kabuku kanga. Teremu yapitayo aphunzitsi anatiuza za madokotala akale a ku Ulaya, amene ankayenda ndi kabuku kachikopa kopindapinda, kolendewera palamba. M'katimo munali masiku a mwezi ndi chithunzi cha munthu, chiwalo chilichonse ndi nyenyezi zake. Mwezi ukafika pa nyenyezi za chiwalo china, chiwalocho sankachikhudza ndi mpeni. Ine ndinapanga kanga ndi kalendala yakale ya kutchalitchi, n'kumauza anthu kuti anandipatsa ndi mzungu wina wokalamba. Ana a Fomu 1 ankandifunsa tsiku labwino lometa. Azakhali anafunsa lothena nkhumba. Nkhumbayo inachira bwinobwino, basi kabuku kanasamukira kuchipinda kwawo, pambali pa kolona.

Lachinayi ndinkalephera kuwongoka. Aneba athu atandiona anati izi zikhoza kukhala za opaleshoni. Azakhali anatambasula kabuku kaja.

"Mwezi uli pamimba mpaka Lamulungu. Akakung'amba lero, ufa."

"Azakhali, ndinalemba ndekha zimenezo. Ndi bodza."

"Iwe unayamba liti kunena zoona? Tidikira."

Ndinagona pamphasa thukuta lili kamukamu, n'kuona kuti Lamulungu sindifika. Zoona zitakanika, ndinabwerera ku ntchito yanga yonama.

"Tabweretsani ndione. Aa, mwagwiratu chozondoka! Mwezi unachoka pamimba dzulo, lero uli pabondo."

Anatembenuza, anayang'anitsitsa, anamanga mpango n'kukaitana wa kabaza.

Kuchipatala tinadikira pabenchi, kenako ananditenga magazi. Adokotala anakanikiza mimba n'kuchotsa dzanja mwadzidzidzi, ine ndinakuwa. Anati katumbo kotchedwa apendikisi katupa. "Mukanachedwanso, kakanaphulika." Opaleshoni inachitika tsiku lomwelo.

Kenako anali masiku a diripi, a jakisoni m'mawa, a kusadya, mpaka anesi atalola phala lamadzimadzi. Ankandiyendetsa pang'onopang'ono m'wodi nditagwira pabala, azakhali ali pambuyo. Ndili chigonere ndinkaganiza za odwala akale aja. Dokotala wawo sankachita nthabwala ngati ine. Ankakhulupiriradi kabuku kake, ndipo wodwala ankadikira mwezi ululu uli m'thupi.

Panopa ndili bwino. Ulusi anachotsa, kusukulu ndabwerera, mpira wokha ndiye anandiletsa kaye. Kupepesa sindinapepese, ndipo azakhali mpaka lero amauza anzawo akumphakati kuti tinasankha tsiku labwino.

Koma mimba ikakupwetekani kumanja, thupi n'kutentha, musafunse mwezi kapena nyenyezi. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinali ndi bodza lina lopulumukira. Inu mwina simudzakhala nalo.